Mmene Mungadziwire Mtundu wa Bryozoa pa Chigoba cha Kunyanja Muli ku Harare

Harare ilibe nyanja yamchere, koma zigoba za nkhono za kunyanja zili m'nyumba zambiri. Wina anabwera nazo kuchokera ku Beira, wina ku Vilankulo, zina zakhala pa kabati ya agogo ku Mufakose kuyambira kalekale. Tengani chimodzi muchitembenuze. Mukaona kachigamba koyera komatirira, kokhala ndi timabowo tondandalikana bwinobwino, musakapale poganiza kuti ndi litsiro. Nthawi zambiri amenewo ndi mabwinja a tinyama totchedwa bryozoa. Mitundu yake yamoyo yodziwika ilipo pafupifupi 6,000, ndipo yochuluka kwambiri imakhala m'nyanja yamchere.

Tinyamati timakhala ngati mudzi. Kanyama kamodzi, kamene akatswiri amakatcha zooid, kamatalika pafupifupi theka la milimita ndipo kamakhala m'kachipinda kakekake. Konse kamene kali m'mudzimo kanaphuka kuchokera ku kanyama kamodzi koyambirira, ancestrula. Ndiye m'malangizo ano ndikanena mudzi ndikutanthauza chigamba chonse, ndikanena kachipinda ndikutanthauza nyumba ya zooid imodzi. Dzina la mtundu silipezeka poyang'ana mudzi. Limapezeka pa kachipinda kamodzi, ndipo ntchito yonse ndi yofika pa kachipindako.

Choyamba: sonkhanitsani zida

Mufunika galasi lokulitsira lokuza kakhumi kapena kuposa, burashi yofewa ya penti, singano, mabotolo ang'onoang'ono okhala ndi zotsekera, viniga, Jik, rula ya mamilimita, pensulo ndi pepala lolimba. Galasi la m'manja lidzakufikitsani pa magulu akuluakulu. Kuti mufike pa banja kapena genus (kagulu ka mitundu yapachibale mkati mwa banja) pamafunika maikulosikopu yoyang'anira ndi maso awiri, yokuza pakati pa 20 ndi 40. Ngati muli pa sukulu ya sekondale yokhala ndi labu, kapena mumaphunzira ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, pemphani kwa aphunzitsi kapena kwa oyang'anira labu. Maikulosikopu younika kuchokera pansi, ija yoonera magazi, sithandiza kwenikweni chifukwa kuwala sikudutsa chigoba.

Chachiwiri: pezani chitsanzo, ndipo chikhale ndi kwawo

Chigoba cha pa kabati ndi chabwino pophunzirira, koma ngati palibe akukumbuka gombe limene chinatoledwa, dzina limene mungachipatse lidzakhala longoyerekeza. Mitundu yambiri imafanana kwambiri, ndipo malo ndi amene amathandiza kuchotsa ina pa mndandanda.

Mukapita kunyanja, kapena mukatuma wachibale amene akupita, nthawi yabwino ndi ya mwezi watsopano kapena mwezi wathunthu, pamene madzi amaphwa kwambiri. Yang'anani kunsi kwa miyala, mkati mwa zigoba zakufa, pa ndere za m'nyanja zotayidwa ndi mafunde, pa zingwe ndi pa mizati ya padoko. Tinyamati timakonda mbali yamthunzi imene matope sakhazikikapo. Mwala mukautembenuza muubwezere mmene unalili. M'malo otetezedwa, monga Bazaruto Archipelago National Park, musatole kanthu, ndipo kwina kulikonse funsani za chilolezo musanawoloke malire a Forbes, a pakati pa Mozambique ndi Zimbabwe, ndi katundu wotere.

Pomwepo lembani kapepala: dzina la gombe, tsiku, chinthu chimene mudziwo unamerapo, ndi mtundu wake wa maonekedwe udakali wauwisi. Mudzi wofiira lero umakhala wotuwa ukauma. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti. Zolimba mungoziumitsa pamthunzi mutazitsuka ndi madzi opanda mchere. Zofewa ziikeni mu ethanol wa 70 peresenti. Ngati mukufuna kuti wina adzayeze DNA, pafunika ethanol wa 95 peresenti kapena kuposa, osati sipiriti wofiirira wa m'sitolo uja.

Chachitatu: tsimikizani kuti ndi bryozoa

Pa chigoba pamamera zambiri zonyenga. Ndere zolimba za pinki zimamatirira chimodzimodzi, koma pamwamba pake ndi posalala, ndipo ngati pali timabowo ndi tomwazikana. Timachubu toyera topindika ngati nkhata ndi nyumba za nyongolotsi za m'nyanja. Timadontho tofiira kwambiri tolimba kawirikawiri ndi Homotrema, kachilombo ka selo imodzi. Makorale ali ndi mabowo akuluakulu, ndipo mkati mwa bowo lililonse muli timakoma toloza pakati. Ma hydroid, tinyama tapachibale ndi makorale, amafanana ndi bryozoa za nthambi, koma tizikho tawo ndi topyapyala tooneka mkati, tokhala pa tsinde limodzi lopitirira.

Chizindikiro cha bryozoa ndi kubwerezabwereza: tizipinda tofanana kukula, togundizana, kalikonse ndi khomo lake limodzi, makomo onse ataloza mbali imene mudzi ukukulira. Mbali imeneyi muizindikire msanga, chifukwa khomo limakhala kutsogolo kwa kachipinda, ndipo mafotokozedwe onse a akatswiri amayambira pamenepo.

Chachinayi: sankhani gulu lalikulu

Gulu lonse (phylum) la Bryozoa limagawidwa patatu. Phylactolaemata amakhala m'madzi opanda mchere okha, ndiye chitsanzo cha kunyanja sichingakhale m'gulu limeneli. Tibwererako kumapeto. Otsala ndi Stenolaemata ndi Gymnolaemata.

Thyolani kachidutswa kakang'ono, mukaike pa mbale, mudonthezepo viniga. Kakachita thovu ndiye kuti makoma ake ndi a laimu. Kachidutswako kawonongeka, choncho musayesere pa chitsanzo chonse.

Ngati sipanatuluke thovu, ndipo mudziwo ndi wofewa, wonga mnofu kapena ulusi wolowanalowana, muli ndi Ctenostomata, order (gulu la mabanja) ina ya Gymnolaemata. Chitsanzo chodziwika ndi Amathia verticillata, imene imalendewera m'madoko a madzi ofunda, ndipo mabuku akale amaitcha Zoobotryon. Wina ndi Alcyonidium diaphanum wa ku North Sea, nyanja ya ku Ulaya, amene amayabwitsa khungu la asodzi. Gulu limeneli ndi lovuta, ndipo likauma silizindikirikanso. Kwa woyamba kumene, kungolemba Ctenostomata n'kokwanira.

Ngati thovu latuluka, yang'anani khomo. Tizipinda tokhala timachubu tatitali, tothera pa khomo lozungulira lopanda chitseko, ndi ta Cyclostomata, order yokhayo ya Stenolaemata imene idakalipo ndi moyo. Abale ake ena onse anatha kalekale, amangopezeka m'miyala. Pano mudzakumana ndi Crisia, yoyera, ya tinthambi tokhala ndi mfundo zopindika; Tubulipora, imene machubu ake amayala motambasuka; ndi Disporella, kambale kozungulira kokhala ndi machubu otuluka pakati. Pa Cyclostomata fufuzani kachipinda kamodzi kofufuma kuposa tinzake, gonozooid, mmene ana amakuliramo. Maonekedwe a gonozooid ndi khomo lake ndi amene amalekanitsa mitundu, moti mudzi wopanda gonozooid nthawi zambiri umathera pa genus basi.

Tizipinda tokhala timabokosi, khomo lake lokhala ndi kachitseko kotchedwa operculum, ndi ta Cheilostomata, order inanso ya Gymnolaemata. Gululi linayamba kuoneka chakumapeto kwa nyengo ya Jurassic, koma lero ndi limene lili ndi mitundu yochuluka kuposa ena onse pamodzi. Pa zigoba zanu, zambiri zidzakhala zimenezi.

Chachisanu: gawani pawiri, tsukani theka

Apa ndi pamene zitsanzo zambiri zimafera m'manja mwa anthu ofulumira. Mnofu wouma umaphimba zizindikiro, ndiye pamafunika kuuchotsa ndi Jik. Koma Jik yemweyo amadya kachitseko, amadya nsagwada za tinyama toluma totchedwa avicularia, amadulanso mfundo za Crisia mpaka mudzi wonse kusanduka zinyenyeswa. Choncho gawani chitsanzo pawiri. Theka lina lisakhudze mankhwala. Ngati chigoba sichingagawike, jambulani zithunzi zokwanira musanachiviike.

Sakanizani Jik pang'ono ndi madzi ochuluka, viikani, ndipo muziyang'ana pafupipafupi. Zopyapyala zimayera m'mphindi zochepa, zochindikala zimatenga maola. Zikayera tsukani ndi madzi oyera kangapo, pukutani ndi burashi yofewa zidakali m'madzi, muumitse. Ctenostomata musaziviike konse, zimasungunuka zonse. Chenjezo lina: Jik ndi viniga zisakumane m'mbale imodzi, zimatulutsa mpweya wa poizoni. Mbale imene munayesera viniga itsukeni kaye.

Chitsanzo chotsuka chimayera mbee moti maso amalephera kugwira kanthu. Sungunulani dontho la inki yabuluu m'madzi, pakani ndi burashi, muumitse. Inki imakhazikika m'timabowo ndi m'mizere, ndipo zonse zimatumphuka. Kuwala kuzibwera chammbali, osati kuchokera pamwamba. Dzuwa la m'mawa la pawindo limagwira ntchito bwino kuposa babu, ndipo silidikira magetsi.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani kachipinda

Sankhani malo amene sali m'mphepete mwa mudzi komanso sali pakatikati penipeni. M'mphepete tizipinda sitinakhwime. Pafupi ndi ancestrula timakhala tating'ono komanso tosiyana ndi tinzake. Pakatikati penipeni pa mudzi wokalamba laimu amachindikala n'kukwirira zizindikiro. Mukapeza malo abwino, funsani mafunso awa motsatana.

Kodi pamwamba pa kachipinda pali denga? Pa chitsanzo chotsuka, tizipinda tina timaoneka topanda denga, makoma okhaokha, chifukwa pamwamba pake panali kachikopa kamene Jik wadya. Amenewa amatchedwa anascan. Membranipora ndi wotere: timabokosi ta ngodya zinayi tondandalikana pa ndere, topanda zokongoletsa zina kupatula timfundo m'ngodya. Steginoporella, amene amapezeka m'nyanja zofunda kuphatikizapo gombe la kum'mawa kwa Africa, ali ndi tizipinda tikuluko pang'ono tokhala ndi kashelefu ka laimu mkati, ndipo pakati pa tizipinda wamba pamapezeka tina ta chitseko chachikulu. Tizipinda tina denga lake ndi la timinga togonerana n'kulumikizana pakati, mipata ikuoneka; amenewa ndi cribrimorph. Tina denga ndi lotsekeka ndi laimu, khomo lokha n'kutsala. Amenewa ndi ascophoran. Mabuku akale anali ndi Anasca ndi Ascophora ngati magulu enieni a chibale. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti denga la laimu linayamba kangapo m'mabanja osiyana, ndiye mayinawa masiku ano amangofotokoza kamangidwe. Pa ntchito yathu akadali othandiza kwambiri, chifukwa amachepetsa mabanja oyenera kufufuza.

Ngati denga lilipo, timabowo tili pati? Ena ali nato padenga ponse, ena m'mphepete mokha.

Nanga khomo ndi lotani? Ine ndimati pamenepa ndi pamene pali nkhani yonse, ndipo muyenera kukhalapo nthawi. Yang'anani mlomo wa khomo wa kumbuyo. Ukakhala ndi kamphako kolowa m'denga, kotchedwa sinus, ndipo denga lili ndi timabowo ponseponse, ganizirani za Schizoporella kapena Watersipora. Kuti muwalekanitse, bwererani ku theka losatsuka: Watersipora ali ndi kachitseko kakuda kooneka ngakhale ndi galasi la m'manja, mudzi wake wauwisi umakhala wofiira kapena wakuda, ndipo alibe avicularia. Mlomo ukakhala wowongoka, khomo n'kukhala theka la bwalo, ndiyeno kumbuyo kwake kuli kabowo kapadera kamodzi kotchedwa ascopore, muli pafupi ndi Microporella. Mukasuzumira m'khomo n'kuona kadzino kamodzi kotambalala kochokera ku mlomo wa kumbuyo, lyrula, ndiye banja la Smittinidae. Onaninso timano tiwiri ta m'mbali timene kachitseko kamazungulirapo, ndipo werengani timinga kapena zitsa zake kuzungulira khomo. Nambala ya timinga nthawi zina ndiyo yokha imene imasiyanitsa mitundu iwiri.

Kodi pali avicularia? Iti ndi tinyama ta m'mudzi momwemo timene sitidya, ntchito yake ndi kuluma. Kachitseko kake kanasanduka nsagwada. Pa mitundu ina kamakhala pa kakhosi n'kumaoneka ngati mutu wa mbalame, pa ina kamangokhala kabowo kosongoka pambali pa khomo, kokhala ndi kamtanda kopingasa. Lembani kuti tilipo tingati pa kachipinda, tili pati, ndipo nsonga yake yaloza kuti. Mu Smittinidae muja, avicularium ya pakati kumbuyo kwa khomo imakutengerani ku Smittina ndi abale ake, pomwe ya m'mbali, denga lili ndi timabowo m'mphepete mokha, imakutengerani ku Parasmittina. Pa mitundu ina nsagwadayo inatalika n'kukhala katsitsi kosesa mudzi, vibraculum.

Pomaliza, ovicell. Aka ndi kachipewa kofufuma kutsogolo kwa khomo, mosungira mwana. Onani ngati ndi kosalala, ka timabowo, kapena kokwiririka mu laimu. Si tizipinda tonse timakhala nako, ndiye yendetsani galasi mudzi wonse. Membranipora alibe konse, ana ake amakulira m'madzi.

Mwaona kuti sindinakufunseni za maonekedwe a mudzi? Alembeni ndithu: womatirira, wa nthambi, wa masamba, wa ukonde ngati Reteporella, wa zibuma ngati Celleporaria. Koma musamangirepo dzina. Mabanja osayandikana amamanga midzi yofanana, ndipo mtundu umodzi umatha kumatirira pamene pali mafunde n'kudzuka ndi nthambi pamene madzi ali bata. Mayina akale ambiri anaperekedwa potengera mudzi, n'chifukwa chake akhala akusinthidwa mpaka lero.

Chachisanu ndi chiwiri: yezani, jambulani

Yezani kutalika ndi kutambalala kwa tizipinda tosachepera 10, ndi makomo ake, mupeze kukula kwa pakatikati. Ngati maikulosikopu ilibe choyezera, ikani rula pambali, gunditsani kamera ya foni pa galasi loyang'anira, mujambule zonse pamodzi. Kenako jambulani ndi pensulo kachipinda kamodzi. Chithunzi cha foni chimatenga chilichonse, koma dzanja limakukakamizani kuti mutsimikize ngati kadzino kaja kalipodi.

Chachisanu ndi chitatu: perekani dzina, mulekeze pamene maso alekeza

Yerekezani zimene mwalemba ndi mafotokozedwe a mitundu ya dera limene chitsanzo chinachokera. Pa intaneti, bryozoa.net ili ndi mndandanda wa mabanja ndi zithunzi, ndipo World Register of Marine Species imakuuzani ngati dzina lidakali lovomerezeka kapena linalowedwa m'malo. Samalani ndi mabuku a ku Ulaya. Akatswiri akale ankapatsa mayina a mitundu ya kwawo ku tinyama ta m'nyanja zakutali, ndipo maikulosikopu ya ma electron itabwera zinaoneka kuti zambiri zinali mitundu ina.

Dzina lili ndi mawu awiri, genus woyamba ndi chilembo chachikulu, species (mtundu) ndi chaching'ono. Tengani Bugula neritina (Linnaeus, 1758). Dzina la Linnaeus, katswiri amene anaifotokoza koyamba mu 1758, lili m'mabulaketi chifukwa iye anaiika mu genus ina, Sertularia, ndipo inasamutsidwa pambuyo pake. Ndi katchire kofiirira kodera kamene kamamera pa maboti ndi m'madoko a madzi ofunda padziko lonse, kokhala ndi ma ovicell oyera, ndipo ndi mmene munapezeka mankhwala a bryostatin amene akhala akuyesedwa pa khansa. Ilibe avicularia. Mukaona katchire kofanana nako koma kotuwa, kokhala ndi timitu ta mbalame tija, yang'anani ku Bugulina, kumene mitundu yambiri ya Bugula inasamutsidwira. Ndipo ngakhale Bugula neritina yomweyi, DNA inaonetsa kuti pansi pa dzina limodzili pali mitundu ingapo yosalekanitsika ndi maso.

Choncho lembani zimene mwatsimikiza. Mukafika pa banja lokha, lembani banja. Mayina a mabanja amathera ndi -idae. Mukafika pa genus, lembani Microporella sp. Chikafanana ndi mtundu wodziwika koma pali chokayikitsa, ikani cf. pakati pa mawu awiriwo. Kapepala kolembedwa Parasmittina sp., kokhala ndi gombe ndi tsiku, katswiri angakagwiritse ntchito. Kolembedwa dzina lathunthu lolakwika kamasocheretsa aliyense wobwera pambuyo. Kapepala koyamba ka kugombe musakataye, ka dzina kakhale kachiwiri.

Kuona chamoyo osachoka ku Harare

Zonse zapamwambazi ndi zigoba. Kanyama kenikeni mungakaone kuno konkuno, mwa Phylactolaemata aja. Dziko lino la Zimbabwe lili ndi mbiri pa gulu limeneli: mu 1904 katswiri wina dzina lake Rousselet anafotokoza Lophopodella thomasi kuchokera kuno, nthawi imene kunkatchedwa Rhodesia, ndipo genus ya Lophopodella inayambira pa mtundu umenewu.

Fufuzani m'madamu ndi m'maiwe odekha, monga m'mphepete mwa Lake Chivero pa mtsinje wa Manyame. Yang'anani kunsi kwa mitengo yomira, miyala, ndi mizu ya namasupuni. Valani majombo ndi magolovesi chifukwa cha likodzo, ndipo funsani asodzi za ng'ona musanayandikire madzi. Mukufuna timachubu tofiirira ta nthambi tomatirira pa mtengo, kapena timibulu toterera tooneka mkati. Dulani kachidutswa ka mtengowo, muike m'botolo ndi madzi a pomwepo.

Kunyumba thirani m'mbale yagalasi, ikani pansi pa galasi lokulitsira, ndipo musagwedeze tebulo. Pakapita mphindi zingapo timanja topyapyala timayamba kutuluka pa khomo lililonse n'kutambasuka. Imeneyo ndi lophophore, imene imakokera chakudya kukamwa ndi titsitsi tosaoneka. Pa Phylactolaemata ambiri imapindika ngati chilembo cha U, pomwe pa za m'nyanja yamchere imakhala bwalo. Fredericella ndi wosiyana, yake ndi yozungulira ngakhale ali wa m'gulu limeneli, ndipo Ctenostomata ochepa, monga Paludicella, amakhalanso m'madzi opanda mchere. Gogodani mbale pang'ono, timanja tonse tibwerera mkati nthawi imodzi.

Dzina pano limachokera ku statoblast, timbewu tofiirira tosakwana milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, timene timapirira chilala n'kudzaphuka madzi akabwera. Ng'ambani kachubu ndi singano, timbewuto tituluke, muike kamodzi pa galasi. Kozungulira motalika, kokhala ndi mkombero woyandamitsa koma kopanda minga, ndi ka Plumatella. Konga nyemba, kopanda mkombero, ndi ka Fredericella. Kokhala ndi timinga ta ngowe kunsonga zake ziwiri ndi ka Lophopodella. Yezani kutalika ndi kutambalala kwa timbewu 10, jambulani mbali zonse ziwiri, ndipo tina muumitse musunge mu envelopu yolembedwa damu ndi tsiku.